Mayi Busa Sanafikebe

Wakefield,
Mangalande.
19 Epulo, 2024.

Okondedwa alamu anga a Thomas,

Imirirani kaye, muvule chipewa chanu chong'ambika chija, pakuti amene akukulemberani si munthu wamba. Ndine Nathaniel Gwedeza, amene ndinaphunzira Sitandade 5 kawiri chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana nane, mesenjala wopuma wa ku ofesi ya zaulimi, nkhoswe wa maukwati khumi ndi anayi, mwa iwo atatu okha ndiwo anatha, ndipo tsopano, mwa chisomo cha Mulungu ndi khadi la okalamba lokwerera basi ulere, Nduna Yoona za Mbalame m'dziko lino. Basi, khalani pansi.

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Nathenje. Ife kuno tilipo. Mbumba yanu, Diana, akadali pa unamwino kuchipatala, ndipo mwamuna wake Chawezi amakwera sitima tsiku ndi tsiku kupita kuntchito ku Leeds. Adzukulu akukula, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, ngati munthu wamubwereka khasu iye n'kubweza supuni. Ikakwana eyiti koloko onse amakhala atabalalika. M'nyumba timatsala awiri, ine ndi firiji, ndipo wolankhula kwambiri ndi firijiyo.

Ndikudziwa kuti mwandiimbira kasanu ndi kawiri. Foni ili bwinobwino. Ndimaiona ikulira, dzina lanu likuvina pagalasi, ine n'kuikwirira ndi pilo. Uthenga wanu Diana anandipatsa: abanja akhala pansi, akufuna nditchule tsiku lobwera kuti mudzandisudzule, popeza miyezi yapitapo mlongo wanu atatisiya. Ndasankha kuyankha ndi kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa, ndipo kalata simungaidule. Koma ndisanayankhe, mumve kaye za mbalame. Musakwinye nkhope, nkhani yake ndi yomweyi.

Kuno kuli mbalame yodya nsomba, yofanana ndi nkhwazi koma yocheperako, eni ake amaitcha osipule. Chisa chake chili pamwamba pa mtengo umene anaudzikira m'mbali mwa damu lina, ulendo wa sitima imodzi ndi basi imodzi kuchokera pano. Kukayamba kuzizira imanyamuka ulendo wa ku Africa, akuti cha ku Gambia uko, ndipo kumapeto kwa Malichi imabwerera pachisa chomwecho. Yopanda pasipoti, alamu, yopanda kudinda chala. Ine amene mapepala anga okhalira kuno anagona ku ofesi miyezi isanu ndi inayi asanatuluke ndimaichitira nsanje.

Amene anaitulukira ndi mlongo wanu Lettie, pa ulendo wa okalamba a kutchalitchi zaka zitatu zapitazo. Zilipo ziwiri. Yaikaziyo anaitcha Mayi Busa, ati chifukwa cha chifuwa choyera ngati bulauzi ya Chigwirizano, komanso diso lake lija, ngati yaona munthu akuwodzera nthawi ya ulaliki. Yaimuna inangokhala Abusa. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse tinkapita awiri, tiyi m'fulasiki, makapu awiri m'chikwama. Pali kanyumba kamatabwa kokhala ndi mabenchi ndi magalasi oonera patali. Lettie akayang'ana ankandigunda ndi chigongono.

"A Gwedeza, taonani mwamuna uyo. Nsomba akubweretsa yekha, osachita kutumidwa."

Ine ndinkati, "Koma munamuonapo atagwira khasu?"

"Nanga inu?"

Mukumudziwa mlongo wanu. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri za banja lathu, mlandu ndi umodzi womwe sindinapambane.

Seputembala wathayu anati kuzizira kwamukwana m'mafupa, akufuna akaothe dzuwa la kwawo. Ine sindikanatha kutuluka chifukwa cha mapepala aja. Pabwalo la ndege ku Manchester anandikonza kolala ya jekete n'kunena kuti, "Musachite nkhope ya maliro. Ndibwera limodzi ndi Mayi Busa. Tione amene afike msanga."

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine, pakuti ndi inu munamunyamula kupita naye kuchipatala mu Disembala. Ine maliro a mkazi wanga ndinaonera pa foni ili m'manja mwa Diana, chithunzi chikudukaduka. Ndinakuonani inu, chipewa chili pachifuwa. Ndinaona amayi a Chigwirizano atazungulira. Koma pamene anyamata anagwira zingwe kuti atsitse bokosi, netiweki inathawa. Pomwe inkabwerera anthu anali akuika nkhata. Sindinauzepo munthu zimenezi, koma ine sindinamuone Lettie akulowa pansi. Ndinamuona akukwera ndege.

Ndiye Malichi atafika ndinayamba kupita kudamu tsiku lililonse. Abusa anafika pa 26, atawonda ngati mphunzitsi wa kumudzi pakati pa mwezi. Sanapume n'komwe, anayamba kukonza nyumba: kutola timitengo, kuyala udzu, kuponya kunja zinyalala za akhwangwala. Akamaliza amatera pamwamba n'kumayang'ana kummwera. Nanenso pabenchi panga ndimayang'ana komweko. Amuna awiri okalamba, makosi kuwawa.

Woyang'anira kanyumba kaja ndi mayi wina wachizungu, dzina lake Daphne, wa msinkhu wathu womwewu. Iye akuti Mayi Busa sanachedwepo kupitirira pa 2 Epulo. Akutinso mphete imene anaiveka mbalameyo kumwendo ili mwana ikusonyeza zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndiye kuti kwa mbalame ndi nkhalamba yotheratu. Panjira pali chipululu, pali nyanja ya mchere, pali mphepo. Ine ndinati mwina yangoima pa Lizulu kugula kabichi, akazi ndi choncho. Sanamve, koma anaseka mwaulemu.

Tsopano imvani chipongwe. Pa 9 Epulo kunatulukira kamtsikana. Kambalame kakakazi, nthenga zosalala, kopanda mphete, kosadziwika kwawo. Kanazungulira kawiri n'kutera m'chisa cha eni ake, pomwe Mayi Busa amakhala, n'kuyamba kulira kuti kapatsidwe nsomba. Azungu onse m'kanyumba muja kukondwa, kujambula, wina mpaka kupukuta misozi. Ine magazi anawira.

M'mawa mwake ndinavala suti yanga ya unkhoswe, tayi yofiira ija imene munaibwereka pa ukwati wa mwana wanu Stella n'kuibweza ili ndi msuzi. Ndinafika, ndinakhala pansi monga mwa mwambo, ndinasonkhanitsa Chingelezi changa chonse cha Sitandade 5, cha chaka choyamba ndi chachiwiri chomwe.

"Mayi Daphne, ndabwera ndi mlandu."

"Mlandu wanji, Nathaniel?" Kuno munthu amangokutchula dzina lokhalokha, alamu, ngati anakubatiza ndi iye.

"Mtsikana uyo akutani m'nyumba ya mwini? Ankhoswe anakumana? Maliro a mwini nyumba anawaona ndani? Akuchikazi anamusudzula mwamunayo? Ndibwerekeni makwerero, ndikamutulutse ndekha."

Anaseka mpaka kugwira benchi. Anati ndikangodutsa mpanda uja apolisi andinyamula, ine pamodzi ndi tayi yanga. Kenako anafunsa kuti kusudzula n'kutani. Ndinamufotokozera kuti kwathu mkazi akamwalira, mwamuna sangodzichokera. Abale a mkazi amamuitana, amamukhazika pansi pamaso pa anthu, amamuthokoza, n'kumuuza kuti, "Bambo, ntchito munagwira, taona. Tsopano ndinu mfulu. Pitani kwanu, mukafuna kupeza wina mupeze." Ndinati mawu amenewa ine ndawanenapo kwa anthu anayi, ndipo ndinkawanena mokoma.

Daphne analeka kuseka. Anati, "Herbert wanga atamwalira palibe amene anandikhazika pansi. Anthu anadya makeke n'kumapita. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndimatulutsabe makapu awiri m'mawa. Kwanu kuli bwino, kuli anthu okuuza kuti basi."

Ine ndinati, "Kuli bwino kwa wouza, mayi. Osati kwa wouzidwa."

Nthabwala zinandithera pamenepo, ine Gwedeza. Ndinatsegula chikwama, ndinapeza kuti nanenso ndanyamula makapu awiri. Ndinamuthirira tiyi m'kapu ya mlongo wanu, ya maluwa obiriwira ija. Mundikhululukire. Tinamwa.

Koma Mulungu si munthu, alamu. Tsiku lotsatira Abusa anadziweruzira okha mlandu. Anabwera ndi nsomba yaikulu ngati mkono wanga, kamtsikana kaja n'kutsegula kukamwa. Abusa anakayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatembenuka, nsomba ija anadya okha mpaka mchira. Kenako anakatimba ndi phiko, pha! Nthenga mbwee m'mwamba. Anakathamangitsa kudutsa damu lonse, kudutsa msewu waukulu, ena akuti anakabwerera pa mzinda wa Hull, kunyanja uko. Pobwera anayalanso udzu mwatsopano n'kukhala, maso kummwera. Ine ndinaimirira ndi kuchita sawatcha.

Ndiye yankho langa ndi limenelo. Ngati mbalame, imene sinalowepo m'kalasi ngakhale kamodzi, ikukana kumasulidwa isanaone ndi maso, ine wa Sitandade 5 kawiri ndivomere bwanji?

Ndipo mundiuze, mukati "pitani kwanu," mukunena kuti? Ku Kasiya ndinachokako ndili ndi tsitsi lakuda. Otsala kumeneko ondidziwa ali kumanda. Ndinalowa m'mudzi mwanu ndi sutikesi yamalata ndi njinga yopanda mabuleki. Nyumba ndinamanga kwanu, mango ndinabzala kwanu, mano ndinagululira kwanu. Kuno ndine mlendo wokhala m'chipinda cha pamwamba, amene amamuuza kuti asamapatse moni anthu osawadziwa m'basi chifukwa amachita mantha. Mukandisudzula ndidzakhala ndani wanu? Munthu amanyoza mlamu wake. Nanga ine ndidzanyoza yani?

Dzana Diana anandipeza ndikupukuta nsapato pakhomo. Anali atangoweruka, maso ofiira.

"Adadi, amalume akudikira yankho."

"Uwauze kuti Nduna ili pamsonkhano."

"Adadi." Anakhala pasitepe, anandigwira bondo monga ankachitira ali mwana. "Mbalame ija si amayi."

Ndinati ndikudziwa, amayi ako sankadya nsomba yaiwisi. Sanaseke. Analowa m'nyumba, ine ndinapitiriza kupukuta nsapato imene inali yowala kale.

Ndisakutopetseni. Mundiperekere moni kwa akazi anu, muwauze kuti mankhwala a miyendo ndidzawatumiza akapezeka wobwera. Moni kwa Stella ndi ana, kwa akuluampingo, ndi kwa anyamata amene anakumba manda, pakuti sindinawathokoze. Mango a kuseri kwa nyumba ana azidya, asawaletse, mwini wake sankaletsa. Nkhuku zake musagawane kaye. Ndipo mukamadutsa pamene anagona mlongo wanu, muime pang'ono, muvule chipewa chonyansacho, mumuuze kuti Mayi Busa nawonso sanafike, ndiye mpikisano uja palibe wapambana. Mumuuze kuti kolala ya jekete yapindikanso.

Ndine mlamu wanu, mpaka pamene mudzanene mwina,

Nathaniel Gwedeza
(Nduna)

Ndinamata kale envulopu koma ndaitsegulanso, chifukwa Lettie akanakhalapo akanandigunda ndi chigongono. Zoti Abusa anathamangitsa mtsikana zija ndapeka. Sanamutimbe, sanafike ku Hull, ndipo ine sindinachite sawatcha. Nsomba ija anamupatsa tsiku lomwelo, mutu atamudyera kale kuti asavutike. Dzulo mtsikanayo waikira dzira loyamba. Daphne analemba pabolodi, anthu anaomba m'manja. Pa damu lonse lija, amene watsala akuyang'ana kummwera ndi ine ndekha.

Ikani tsiku mu Julaye, mukatha kukolola. Ndibwera. Koma musananene mawu aja mudzayambe mwandiperekeza kumanda, inu nokha, ndikaone ndi maso anga pamene netiweki inandibisira. Zikatero mudzanene, ndidzamva.

Lachiwiri ndipitabe kudamu. Basi ndi yaulere.