Madzi a pamaliro anabwera panjinga

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mitundu tili moyo, kupatula khosi langali. Likayamba, ululu umatsika ndi mkono wamanja mpaka zala kuchita dzanzi. Kuchipatala anati mitsempha yapanikizika, ndisasenzenso kanthu pamutu.

Sabata yatha tinali pamaliro ku Nathenje, kumudzi kwa amalume. Amayi anzanga atanyamula ndowa kupita kuchitsime, ine sindinafune kungokhala. Ndinamanga zigubu ziwiri panjinga ya alamu anu, n'kumaikankha ndi dzanja lamanzere. Nditafika pasiwa, Anaphiri, akazi a amalume aja, anandidzudzula pagulu.

"Mkazi wanji wotunga madzi ngati wogulitsa makala? Ndi kunyada kumeneku, adzakutungirani ndani pamaliro anu?"

Achemwali, zotseka pakamwa zinatha ndi chipani chimodzi. Ndinati, "Mukufuna ndisenze kuti maliro angawo afulumire? Phikirani madziwa, akanunkha njinga mundiuze."

Anaphikira ndithu, ndipo anadya nawo. Koma mpaka lero sakundipatsa moni, ndipo amalume atumiza mawu kuti ndikapepese. Ndipepese chiyani? Khosili ndimagona nalo ndekha.

Chonde munditumizire mankhwala opaka aja, andithera. Loweruka likudzali kuli kuwaka manda a achibale ena komweko, ndipo matayala ndapopa kale.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati