Nkhuku ya m'Filiji ndi Ng'ombe ya m'Nyanja

Satwa, Dubai
Okutobala 2009

Achimwene anga Che Abudu,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko ku Ntaja? Mwendo uja ukukulolani kufika ku mzikiti, kapena mukuswalirabe pakhonde? Nanga alamu anga, chifuwa chija chinaleka? Ife kuno tili moyo, Alhamdulillah. Ine ndi mawondo okhawa, poti nyumba za kuno n'zokwera masitepe.

Akundilembera kalatayi ndi a Edinah a ku Chipata, amene timaphika nawo khitchini imodzi. Ine mukundidziwa, cholembera ndimachigwira ngati mpini wa khasu. Mukaona mawu ena akupendekera ku Zambia musadabwe, ndi dzanja lawo. Koma nkhani ndi yanga, ndipo ndawauza kuti asakonze kalikonse.

Ndiyambe ndi chachikulu, musachimve kwa ena. Tikubwera. Ine, mwana wanga Faiza, amuna ake a Uthman, ndi kamdzukulu kanu Ummy. Ntchito ya bambo a Ummy yatha, ndipo mapepala athu okhalira kuno anali omangirira pa ntchito yawoyo. Mvula isanagwe mutiona. Anthu adzanena zambiri, ndiye ndati inu mwini mbumba mumve kwa ine mmene zayendera.

Dubai amene ndinamupeza chaka chatha, pobwera kudzalera mwanayu, si uyu ayi. Nyumba zazitali zija zaima pakatikati, zopanda mazenera, makina onyamula zitsulo angoti njo m'mwamba osagwedezeka. Akuti ndalama zathawa dziko lonse. Tsiku lililonse pamsewu wathu wina akumanga katundu. Telala amene Faiza amasokako pansi pa nyumba yathu amangokhala pakhomo kuthamangitsa ntchentche.

Inu munkangomva kuti akamwini anu amayendetsa boti. Imani ndikufotokozereni. Kuno anthu amathira mchenga m'nyanja ya mchere kuti pakhale mtunda womangapo, ndipo amakhoma zitsulo zazitali ngati bulugamu pansi pa madzi ndi chinyundo cha makina. Phokoso lake akuti m'madzi limayenda kutali, limaboola makutu. Tsono m'nyanjamo muli nyama zina zosakhala nsomba, zimatulukira kudzapuma mpweya, zimayamwitsa ana. Ina amaitcha ng'ombe ya m'nyanja, poti imadya udzu wa pansi pa madzi. Akuti thupi ngati mvuu, koma miyendo ilibe, ndipo siiluma munthu.

Ndiye boma silikulola kuti uzingokhoma. Kampani iyenera kukatenga chilolezo, ndipo chilolezocho chimati nyamazo mukhoza kuzisokoneza pang'ono, poti ntchito ndi ntchito, koma muike munthu paboti aziyang'ana madzi. Nyama ikalowa mkati mwa zoyandama zofiira zimene amatchingira malowo, munthuyo aimbe ovaova, kawailesi kolankhulirana kaja, nyundo iime mpaka nyama itachoka yokha. Mukaphwanya, chilolezo alanda. Ine nditamva koyamba ndinaseka mpaka kutsokomola, ndinati ha, dziko lino nyama nazo zili ndi ankhoswe ku boma! Munthu woyang'anayo ndiye anali bambo a Ummy. Anawasankha poti maso awo anazolowera mphuno za mvuu ku Liwonde, kuja ankayendetsa alendo pa Shire.

Tsopano za m'nyumba. Chipinda chathu n'chimodzi, achimwene, tinangodula pakati ndi katani. Mbali ino ine ndi Ummy, mbali iyo eni ake. Koma mwambo sindinautaye. Chaka chathunthu ine ndi akamwini sitinaonane maso ndi maso, sitinadyere pamodzi, ndikafuna kuwauza kanthu ndimauza Faiza iwo ali pomwepo kuseri kwa nsalu akumva. Vuto linali pamasitepe. Kwathu ukakumana ndi mkamwini umapatukira kutchire, nanga kuno upatukira kuti? Ine ndimangotembenukira kukhoma, iwo n'kubwerera chambuyo mpaka pansi. Amuna awo a Edinah, a Pius, amene ankawotcherera zitsulo pakampani yomweyo, ankawaseka kuti mkamwini uyu adzathyoka msana chifukwa cha ulemu, akuti bwanji osangomangirira belu apongozi kuti azimveka akamatsika.

M'mwezi wa Ramadhani ndinayamba kuona mbale ikubwerera kuchokera kuseri kwa katani monga inapitira. Munthu wasala tsiku lonse padzuwa la panyanja, nthawi yomasula angomwa madzi ndi kudya kachipatso ka tende kamodzi basi. Ndinamufunsa Faiza kukhitchini. Anandiuza akulira kuti kuntchito kwafa nyama, a boma amva, ndipo akubwera kudzafunsa woyang'ana madzi. Kapitawo wawauza kuti akanene kuti sanaone kanthu. Akanena kuti anaona, chilolezo chipita, ntchito iima, tonse tikwera ndege. Faiza anati wawachonderera mpaka mawu kutha kuti amvere kapitawoyo, koma iwo sakulola. Ndiye anati amayi, alankhuleni inu, inu sangakukanireni.

Ndinati ndiwalankhula bwanji, mwana iwe, munthu amene sindinamupatse nkhuku? Mukudziwa kwathu mpongozi akafuna kuti manyazi athe, ayambe kulankhulana ndi mkamwini, amamupatsa tambala pamaso pa anthu. Ine sindinachite zimenezo, poti ukwati utangomangidwa iwo ananyamuka, kenaka malemu amuna anga anadwala.

M'mawa mwake ndinatenga a Edinah kukasaka tambala. Tinazungulira Satwa yense, thukuta kuti chuu. Mmwenye wa pagolosale titamufotokozera ndi manja kuti tikufuna yolira, yoyenda yokha, anaseka mpaka kuitana mnzake. Anati mama, khalas, ndiko kuti basi zatha, kuno nkhuku siziyenda, ndipo anatitulutsira ya m'filiji, yopanda mutu, yopanda miyendo, youma gwa ngati mwala, akuti yachokera ku Brazil. A Edinah anati amama tengani, Mulungu aona mtima, saona nthenga.

Madzulo ake, adhana yoitanira ku mzikiti itangomveka, ndinaika nkhuku ija m'mbale, ndinagwada, ndinakoka katani. Achimwene, mukanaona! Bambo a Ummy anadzambatuka, kuvala malaya chakumbuyo, nkhope kukhoma. Ndinati bambo, tembenukani. Mwini mbumba ali kutali, ankhoswe kulibe, tambala dziko lino mulibe, landirani iyi, kuyambira lero ndinu mwana wanga. Anatembenuka, anagwada, anailandira ndi manja awiri. Tsono kuzizira kwake! Kuika pansi sangaike poopa mwano, ndiye amangoisuntha dzanja ili, dzanja ilo, nkhope ili nywaa, akuti zikomo amayi, zikomo amayi. Faiza anaseka misozi ili m'masaya. Ndi tsiku limenelo ndinaona bwino nkhope ya munthu amene wandidyetsa chaka chonse. Kani ali ndi imvi kale m'mbali mwa makutu.

Sindikubisirani, mawu ndinali nditawakonza. Ndinkafuna kuwauza kuti nyama ndi nyama, Ummy ndi munthu, tsekani pakamwa. Nkhuku ija ndinagulira mawu amenewo. Koma munthu wongoyamba kulankhula naye sumuyamba ndi lamulo, ndiye ndinati tandiuzani kaye, bambo, munaona chiyani.

Anati linali dzuwa la m'mawa, madzi ali bata. Anaona msana wotuwa ukutuluka mkati mwa zofiira zija, pambali pake kamsana kena kakang'ono. Inali yaikazi ndi mwana wake. Akuti mwanayo amayamwa m'khwapa, pansi pa dzanja la make, monga Ummy achitira kwa Faiza, ndipo akatopa amakwera pamsana. Anaimba ovaova kuti imitsani. Kapitawo anayankha kuti yalla, yalla, ndiko kuti fulumirani, chitsulo chatsala pang'ono, akuluakulu anena kuti lero chikapanda kulowa wina apita kwawo. Anaimbanso, anakweza mbendera, anakuwa mpaka mawu kusasa. Nyundo osaima. Nyama zija zinabalalika, make uku, mwana uko. Akuti make anakhala akuzungulira pamalopo tsiku limenelo ndi lotsatira, kutuluka, kumira, kutuluka, osapita kukadya. Kenaka mwana anapezeka pamchenga atafa, anamukwirira ndi makina othira dothi. Make anabwerabe.

Anati amayi, ntchito imene anandilembera ndi kuona. Sindinyamula chitsulo, sindikhoma, ndimangoona basi. Tsono ndikaime pamaso pa anthu, ndili pa swaumu, ndikusala kudya, ndinene kuti sindinaone?

Achimwene, inu munalipo chaka chija ndinaika mwana wanga woyamba ali wa kubere. Mukukumbuka kuti munkandipeza pamanda pake m'mawa uliwonse, ndipo munkandibweza bwanji kunyumba. Mawu ndinakonza aja ndinawasiya. Faiza amandiyang'ana, amandikodola ndi maso kuti nenani, nenani. Ine ndinangoti Faiza, tenga nkhukuyo uike m'madzi isungunuke, amuna ako adye. Ndipo kwa iwo ndinati bambo, chimene mukanene kumeneko n'chanu, ine sindikuuzani. Koma dziwani kuti ku Ntaja dimba lija ankalima malemu lili gone, ndipo mpunga sufunsa munthu kuti wachokera kuti. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha msuzi wina.

A boma atabwera ananena zonse monga anaonera. Chilolezo analanda, akuti mpaka kampani itakonza kayendetsedwe kake. Koma kampaniyo inali ikudzandira kale, ndiye eni ake anangoti khalas, aliyense kwawo. Kapitawo uja musamuone ngati chilombo. Ndi bambo wa ku India wa ana ake pasukulu, nayenso amakankhidwa ndi a pamwamba. Anabwera kuno kudzatsanzika, anagwira dzanja la bambo a Ummy nthawi yaitali, ndipo anasiyira Ummy maswiti.

Apa a Edinah anayamba aika cholembera pansi, tapuma pang'ono. Paja a Pius nawonso ntchito inathera pomwepo. Kuyambira tsiku lija sapereka moni kwa bambo a Ummy. Akuti munthu wagulitsa anzake chifukwa cha nsomba. Akakumana pamasitepe, tsopano ndi a Pius amene amayang'ana kukhoma, ndipo palibe amene akuseka. A Edinah akuti ndilole alembe mawu awo, ndawalola. Akuti kampani ija ikanafa ndithu, aliyense amaona, koma mwina ikanawafikitsa pa Khirisimasi, ana awo ku Chipata n'kumaliza chaka kusukulu. Ine sindingawatsutse. Ndi zoona. Ndipo onani, ndi omwewo akundilembera kalatayi, ndi omwewo anandiperekeza kukagula nkhuku. Muwapempherere Lachisanu pa Ijumaa, ngakhale iwo ndi a tchalitchi.

Faiza anakhala masiku osandilankhula bwino. Anati amayi, ndinakutumani kukazimitsa moto, inu mwakathira palafini. Tsopano wayamba kumasuka, akumanga katundu, akuti makina ake osokera sawasiya ngakhale amulipiritse pandege. Bambo a Ummy akugona tulo, akudya, ndipo madzulo timakhala tonse mbali imodzi, katani tinachotsa tinakulungiramo mbale. Kani ndi munthu wanthabwala! Chaka chonse ndinkakhala ndi munthu woseketsa chonchi osadziwa. Za nyama ija, mnzawo wa maboti ena anawauza kuti phokoso litatha anaona ina ikudya udzu pafupi ndi malo aja. Ngati ndi yomweyo, sitikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Ndikudziwa pakamwa pa anthu a kwathu. Adzati mkamwini wa Abiti Faruku anapita ku Dubai, anzake abwera ndi malata ndi njinga zamoto, iye wabwera ndi nkhani ya nsomba. Adzamuseka pachigayo, adzamuseka pabawo. Ndiye ndikupempha kuti tikafika, inu mwini mbumba muitane abale, mumutenge mukamulozere malire a dimba lija anthu akuona, ndipo pomwepo mumupatse tambala m'dzina langa. Ija ya m'filiji inagwira ntchito yake, koma mboni zake zinali Faiza ndi khoma. Ndikufuna a ku Ntaja aone ndi maso awo kuti munthuyu sanabwere chozemba, tamulandira ndife. Tambala wofiira uja munandiuza pafoni kuti mukusungira Idi, musamuphe. Pa Idi Mulungu adzapereka china.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mafuta opaka a mawondo ndawagulira. Moni kwa achemwali athu aakulu kutsidya kwa dambo, kwa ana anu onse ndi akazi awo, kwa adzukulu, ndi kwa azilamu anga a kuchimuna amene akusamala manda a malemu. Faiza akuti moni kwa amalume. Ummy wamera mano awiri, akuluma aliyense. Bambo a Ummy ali pompano, akuti ndikuuzeni kuti khasu sanaliiwale, koma muwapezere la mpini wautali poti msana unapindika ndi masitepe.

Insha Allah tionana mvula isanagwe. Tambalayo akhale wamoyo, achimwene, wa mutu wake ndi nthenga zake, woti mwana wanga akamulandira m'manja amve kutentha.

Ndine mlongo wanu,
Mwanajuma Abiti Faruku
Chala changa ndadinda pansipa.