Amuna anga andiiwala, koma nyimbo za roko saziiwala

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 64, ndimakhala ku Wusakile. Ndikulemba chifukwa cha amuna anga, bambo a Lombe, amene anagwira ntchito mumgodi zaka makumi atatu.

Chaka chatha anayamba kuiwalaiwala. Poyamba tinkaseka. Ankaika nsapato mufiriji, ine n'kumati ndi ukalamba. Koma mwezi wathawu anapita kumsika wa Chisokone kukagula tinsomba ta kapenta, njira yobwerera osaidziwanso. Anawabweretsa ndi mnzawo wakale wa kumgodi, a Kapembwa, atawapeza ataima pakati pa njanji. Lachiwiri lapitali ndikuwapatsa tiyi, anandifunsa mwaulemu kuti, "Pepani mayi, kodi mkazi wanga walowera kuti?" Ndinathawira kubafa kukalira.

Chondizunguza mutu ndi ichi. Ali ndi chimbale chimodzi cha nyimbo za roko, cha anyamata ena a konkuno amene ankaimba m'ma 1970. Magitala ake amalira ngati makina odulira zitsulo. Tili pachibwenzi tinkavina nyimbo zimenezi kuholo ya mgodi, iwo atavala buluku lotambalala kumapazi. Chimbalecho chikangoyamba kuzungulira pa galamafoni, munthu uja amabwerera. Amaimba mawu onse osaphonya, amadziwa pamene ng'oma ilowere, ndipo amanditchula dzina. Dzulo anandikoka dzanja amvekere, "Mwila, dzuka tivine! Wakalamba liti iwe?" Chitangotha, anakhala pansi n'kumandiyang'ana ngati mlendo.

Mlongo wawo akuti m'chimbalemo muli ziwanda. Anandiuza kuti, "Mlamu, munthu angaiwale mkazi wake n'kumakumbukira phokoso? Chinthuchi chikumudya mutu. Lamlungu tikuchiwotcha." Ena pa mzere wathu ayamba kunong'ona kuti ndine ndinawadyetsa mankhwala. Mwana wathu Lombe, amene ali ku Lusaka, anakalipa pafoni kuti, "Amayi, musayerekeze! Nyimbo zimenezo anthu akuzimvera mpaka kunja, bwanji iwowo sakudwala?"

Aphungu, ndili ndi mantha. Ndikachiwotcha, mwina sadzanditchulanso dzina mpaka kumanda. Ndikachisunga, mwina ndine ndikuwapha pang'onopang'ono. Lamlungu layandikira. Nditani?

M.K., Kitwe

Mayi M.K.,

Musachiwotche. Chibiseni lero lomwe pamalo poti alamu anu sangachipeze, ndipo muuze Lombe akuikireni nyimbozo pafoni kuti zikhale pawiri.

Ine si dokotala, koma zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi matenda a muubongo amene amagwira ena akamakula. Amayamba ndi kufufuta za posachedwa, za kale n'kutsalira. Nyimbo zimene munthu anazikonda ali mnyamata zimakhala m'gulu la zinthu zomalizira kuchoka. Amuna anu anazivina ali ndi mphamvu, ali m'chikondi, atangotuluka pansi pa nthaka ali amoyo. Chimbalecho sichikuwadya mutu ayi. Chikukubwezerani mwamuna wanu kwa mphindi makumi anayi, ndipo si akazi onse a odwala otere amene ali ndi mwayi umenewo.

Sabata ino apititseni kuchipatala. Musakangonena kuti akuiwala. Lembani papepala zonse, za nsapato, za njanji, za tiyi, ndi masiku ake. Pali matenda ena osokoneza mutu amene amachizika, choncho akawayeze bwinobwino. Alamu anuwo muwatenge, akamve ndi makutu awo. Nawonso akuchita mantha, mchimwene wawo akuwathawa akuona. Mapemphero asaleke, koma machesi asiye kunyumba.

Akakufunsaninso za mkazi wawo, musalimbane nawo. Ingoyankhani kuti, "Ali pafupi, imwani tiyi," kenako muike nyimbo. Lombe abwere mudzagawane ntchito, chifukwa nokha mudzagwa. Za onong'onawo, pitani ndi a Kapembwa kwa akuluakulu a mpingo ndi a m'dera lanu mukafotokoze zimene adokotala apeza, mphekesera zisanakule.

Sindikunamizani, mayi. Ngati ndi matenda amene ndikuganizawa, amapitirira, ndipo tsiku lina mwina ngakhale gitala sadzawadzutsa. Ndiye akakukokani dzanja, siyani mbale zili m'madzi, vinani.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulimve bwino. Asatulukenso okha, ngakhale kupita pa kantini. Muwasokere kansalu m'kati mwa malaya aliwonse kolembedwa dzina lawo, nambala yanu ndi mawu oti akudwala. Munthu wachikulire akasochera n'kupezeka pakhomo pa anthu osamudziwa, akulephera kunena kumene wachokera, alipo ena amene safunsa kawiri. Amakuwa kuti mfiti, n'kutola miyala. Singano ndi ulusi muzigwire madzulo ano.

Aphungu