Mawu a Bambo Atsala Dzina Lokha

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Kuno ndili bwino, kungoti mwininyumba wapenta chitseko chokha n'kulengeza kuti nyumba yonse yakonzedwa.

Nkhani ndi ya mawu a malemu bambo, aja munawajambula pa foni akukangana ndi wailesi. Paja ndinalonjeza kuchotsamo phokoso la nkhuku kuti amayi aziwamva bwino. Loweruka ndinagwira ntchitoyo pa kompyuta yanga. Ndinadina kuti isunge, iyo n'kuvomera kuti yasunga. Ndisanaimirire n'komwe, magetsi anathima. Atayaka ndinapeza dzina la fayilo lilipo bwinobwino, koma m'kati muli zii. Ngakhale nkhuku zija mulibe.

Mukundidziwa, m'malo molira ndinayamba kufufuza. Chosungira cha m'kompyuta, chija timati disiki, chili ndi khalidwe la telala. Ukachipatsa ntchito chimayankha msanga kuti zatheka, pomwe nsalu ikadali pampando. Chimaunjika kaye ntchitozo, kenako n'kumazigwira motsatana mmene chafunira icho, osati mmene unachipatsira. Tsono apa panali ntchito ziwiri: kulemba mawu okonzedwawo, ndi kumatula dzina pa akale n'kulimata pa atsopano. Chinayamba ndi yopepuka, ya dzina. Magetsi anathima chitataya akale, atsopano chisanalembe.

Kuntchito ndinatenga kompyuta yakale n'kumaizula dala pa soketi ili m'kati mosunga, kuti ndione. Nthawi zina zonse zimapulumuka, nthawi zina dzina lokha, ndipo sungalosere. Abwana anandipeza nditagwada pansi pa tebulo, chingwe chili m'manja, ndipo anafunsa ngati zimenezi anatiphunzitsa ku yunivesite kapena ndi luso lobadwa nalo. Mnzanga wa desiki yoyandikana akuti lilipo lamulo louza disiki kuti isayankhe isanamalizedi kulemba, koma mapulogalamu ena salipereka chifukwa limachedwetsa. Sindikuwadabwa. Anawapanga ndife, anthu okonda yankho lachangu kuposa loona.

Ndakumba m'disiki yanga kufuna mawu akale aja. Ndapeza kachidutswa kokha: bambo akutsokomola, kenako akuyamba kunena kuti muulutsiyo ndi wabodza, basi pathera pomwepo. Ndakamvetsera mobwereza mpaka woyandikana nane chipinda anagogoda kudzafunsa ngati ndili ndi mlendo wodwala.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa ndinakuuzani mwamatama kuti mutha kufufuta zonse mu foni ija n'kuwapatsa alamu, poti mawuwo ali m'manja mwa katswiri. Katswiriyo uthenga uja munamutumizira mawuwo anaufufutanso kwake. Ngati inu simunafufute, izimitseni, muitsekere m'kabati. Ngati munafufuta, muizimitsebe, chifukwa chofufutidwa nthawi zina chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Chithunzi chilichonse chimene alamu angajambule galimoto yawo ija chingakhale pa mawu a bambo. Alandeni mwaulemu, koma alandeni lero.

Amayi musawauze kaye. Zikakanika ndidzabwera kudzawauza ndekha, pamaso, n'kuwamvetsa chifuwa chija. Adzachizindikira.

Moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa alamu, amene ndikuwapepesa pasadakhale.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Pulofesa