Munthu wa pa Denga mu Filimu ya Lamulungu

KALABU YA KANEMA YA TIONERE PAMODZI, BANGWE
Zokambirana za komiti pounika chikondwerero cha mafilimu

Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala 1996
Malo: Chipinda chosungiramo makina, kuseri kwa holo
Nthawi yoyambira: 2:10 masana

Amene analipo
Bambo Flexon Msowoya, Wapampando
Mayi Lucy Chirambo, Mlembi
Bambo Ellard Namakhwa, Woyendetsa makina
Mayi Regina Namakhwa, Wolandira anthu pakhomo
Bambo Salehe Mkwanda, Membala

Opepesa: Mayi Patience Kumwenda, ali ku maliro ku Rumphi
Osabwera popanda uthenga: Bambo Ramsey Jumbe

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anati cholinga chinali kumva maganizo a aliyense pa mafilimu atatu amene kalabu inaonetsa masana a pa 6, 7 ndi 8 mwezi uno, matepi asanabwezedwe Lolemba ku bungwe la mtawuni limene linatibwereka.

2. Mafilimu a Lachisanu ndi Loweruka

2.1 Bambo Mkwanda anati filimu ya Lachisanu, ya kuzambwe kwa Africa, inali m'Chifalansa ndipo mawu achingerezi a pansi amathamanga kwambiri. Anthu a kumbuyo anayamba kufuula kuti akufuna ya karate. Iwo anaimirira n'kumamasulira mokweza mpaka mawu anawathera.

2.2 Wapampando anati anadzidzimuka ndi filimu ya Loweruka, momwe mwamuna ndi mkazi anapsompsonana nthawi yaitali akuluampingo awiri ali pa benchi yakutsogolo, pamodzi ndi apongozi awo a Wapampando. Anafunsa ngati matepi anaonedwa kaye monga komiti inagwirizana. Bambo Namakhwa anati anaonera onse atatu Lachinayi, ali okha.

2.3 Mlembi anati kwa iwo filimuyo inali yabwino kuposa zonse ndipo amayi ambiri anatuluka akupukuta misozi. Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti sakugwirizana nazo. Zalembedwa.

3. Filimu ya Lamulungu ndi chisokonezo cha mu holo

3.1 Wapampando anakumbutsa komiti zimene zinachitika. Filimuyo inali ya anthu a ku Mozambique akumanganso midzi yawo nkhondo itatha. Chapakati panaoneka munthu akukhoma malata pa denga la sukulu. Atatembenuka, Mayi Namakhwa, amene anaima pakhomo, anakuwa kuti, "Maxon! Ameneyo ndi Maxon!" n'kugwa pansi. Anthu anadzuka, mabenchi awiri anagubuduka, koma filimu sinaimitsidwe. Wapampando anati iwo anabwera ku Bangwe mu 1992, choncho sakudziwa kuti Maxon ndani.

3.2 Mayi Namakhwa atavomera, Mlembi anafotokoza. Bambo Maxon Likhucha anali amuna awo oyamba a Mayi Namakhwa, mmisiri wa matabwa pa kampani ina ku Makata. Mu 1987 anawoloka pa Muloza kukatenga mayi awo ku Milanje, ku Mozambique, nkhondo itakula, kusiya mwana wamkazi, Mwai, ali ndi zaka ziwiri. Sanabwerere. Mu 1989 munthu wina anabwera ndi jekete lawo n'kunena kuti anaphedwa panjira. Mwambo wa maliro unachitika popanda thupi. Mu 1991 Mayi Regina anakwatiwa kutchalitchi ndi Bambo Ellard Namakhwa, amene ankagwira ntchito limodzi ndi Bambo Likhucha, ndipo ali ndi ana awiri, woyamba ndi Chikondi.

3.3 Wapampando anati anthu amafanana, ndipo sikirini yathu ndi yaing'ono. Bambo Namakhwa anagwirizana nawo. Anati akhala akuwauza akazi awo zomwezo sabata yonse, ndipo nkhaniyi ndi ya m'banja, si ya komiti.

3.4 Mayi Namakhwa anati tepiyo ndi ya komiti, kiyi wa kabati yosungiramo matepi ali ndi amuna awo, ndipo apempha kanayi kuti aionenso koma akanizidwa. N'chifukwa chake abwera nayo kuno. Anapempha kuti mawu awa alembedwe momwe anenera: "Ngati ndapenga, ndione ndi maso anga kuti ndapenga."

3.5 Bambo Mkwanda anati iwo ali ndi funso lina. Pa malo omwewo mawu a filimu anatsikiratu, munthu wa pa dengayo akuoneka kuti akulankhula, ndipo mawuwo anakweranso iye atachoka. Izi zinayamba Mayi Namakhwa asanakuwe. Bambo Namakhwa anati tepiyo ndi yakale. Bambo Mkwanda anati iwo anakhala pafupi ndi makina ndipo anaona dzanja likutsitsa mawuwo.

3.6 Wapampando anapempha kuti mamembala azilankhula kudzera kumpando. Anafunsa amene akufuna kuti gawolo lionetsedwenso. Anakweza manja Mayi Namakhwa, Bambo Mkwanda ndi Mlembi. Bambo Namakhwa anatulutsa kiyi n'kuika patebulo. Sanadzuke. Makina anayatsa ndi Bambo Mkwanda.

4. Kuonanso gawo la pa denga

4.1 Gawolo silikwana mphindi ziwiri. Mawu anamveka bwinobwino ndipo tepi inalibe vuto. Munthuyo anatsika pa makwerero n'kulankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe. Anati anagwidwa panjira ndi anthu amfuti amene anamunyamulitsa katundu zaka zinayi. Wojambula atamufunsa ngati ali ndi banja, anayankha kuti: "Ndili ndi mwana ku Bangwe, ku Malawi. Amalonda anandiuza kuti anandilira kale ndipo mkazi wanga anakwatiwa. Ndiye ndikapite kukasokoneza?" Anaseka pang'ono n'kukweranso pa denga.

4.2 Mlembi, amene anali mnansi wa banja la Likhucha zaka zitatu, anatsimikiza kuti munthuyo ndi Bambo Maxon Likhucha. Zolembedwa za kumapeto kwa filimu zikusonyeza kuti inajambulidwa mu 1994. Dzina la mudziwo silinatchulidwe.

4.3 Mayi Namakhwa anapempha kuti gawolo libwerezedwe. Linabwerezedwa katatu.

4.4 Wapampando anafunsa Bambo Namakhwa ngati ali ndi chonena. Iwo anati anamuzindikira Maxon Lachinayi lija, asanatembenuke n'komwe, chifukwa cha kagwiridwe kake ka hamala. Anati anakhala m'chipinda chino mpaka tepi inatha osaona chilichonse. Anaganiza zonena kuti tepiyo yaonongeka, koma mapepala oitanira anthu anali atamatidwa kale pamsika. Ndiye anakonza zoti akazi awo akhalebe pakhomo filimu yonse, kutali ndi sikirini, ndipo anatsitsa mawu. Anati: "Ndinaopa. Mwai amanditchula kuti adadi. Ndikanayambira pati?"

4.5 Mayi Namakhwa anawafunsa kuti, "Bambo a Chikondi, Lachinayi lija munabwera kunyumba, munadya, munandifunsa ngati malaya anu a Lamulungu ndasita. Munali mukudziwa?" Bambo Namakhwa anati inde. Mayi Namakhwa anafunsanso ngati anadziwapo kanthu Lachinayilo lisanafike. Bambo Namakhwa analumbira kuti ayi, ndipo anati pa maliro aja analira moona. Mayi Namakhwa anati sabata yatha akanakhulupirira mawu amenewo osafunsanso.

4.6 Wapampando anaimitsa msonkhano kwa mphindi khumi ndi zisanu. Palibe anatuluka.

5. Zimene komiti inagwirizana

5.1 Mlembi alembe kalata kwa amene anajambula filimuyo, kudzera ku bungwe lotibwereka, kufunsa dzina la mudzi ndi sukuluyo. Wapampando akaipereka okha Lolemba.

5.2 Bambo Mkwanda anapempha kuti gawolo likoperedwe pa tepi ina asanaibweze. Wapampando anati pangano limene anasaina limaletsa kukopera, ndipo pa zaka makumi awiri m'boma sanaphwanyepo chimene anasaina. Kenako anati likoperedwe, akanena okha kwa eni ake kuti analamula ndi iwo, ndipo ngati kalabu isiya kubwerekedwa matepi, mlandu ukhale wawo. Onse anavomera.

5.3 Bambo Namakhwa anati akutula pansi udindo wawo chifukwa anamiza komiti. Wapampando asanayankhe, Mayi Namakhwa anati asatule lero. Anati wodziwa kulumikiza makina awiri mu kalabu muno ndi amuna awo okha, choncho akopere ndi manja awo omwewo, mawu ali pamwamba, ndipo mawa akachoka kutchalitchi akhale pansi ndi Mwai amuonetse bambo ake. Bambo Namakhwa anafunsa ngati akazi awo adzakhalepo pomuonetsa. Mayi Namakhwa anati, "Mukayatsa ndinu." Nkhani yotula pansi udindo yasiyidwa mpaka msonkhano wotsatira.

6. Zina ndi zina

6.1 Bambo Mkwanda anati mabenchi awiri aja akufunika misomali. Akonza okha.

6.2 Mayi Namakhwa anadziwitsa komiti kuti sadikira yankho la kalata. Lachitatu akwera basi ya ku Muloza kukayamba kufunsa ku Milanje, ndipo sakudziwa tsiku lobwerera. Wapampando anawafunsa, ngati si kulowerera, chimene akachite akawapeza Bambo Likhucha. Anayankha kuti sakudziwa, koma munthu sangamakhome malata kwinakwake akuganiza kuti kwawo sakufunidwa. Bambo Namakhwa anati awaperekeza mpaka pachipata cha Muloza. Mayi Namakhwa anati ana atsala ndi yani. Bambo Namakhwa anati atsala nawo iwo.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Okutobala 1996, 2 koloko masana, malo omwewa.

8. Kutseka

Pemphero lotsekera linali la Mayi Namakhwa malinga ndi ndandanda, koma anapempha kuti lero awakhululukire. Anapemphera Bambo Mkwanda. Msonkhano unatha 4:35 madzulo. Bambo Namakhwa anatsalira m'chipindamo kulumikiza makina.

Wapampando: F. Msowoya ....................

Mlembi: L. Chirambo ....................