Tayala Lomwe Ababa Sanalimve

Ulongwe, Angónia
19 Agosto, 2024

Okondedwa achimwene anga a Nilton,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Beira kotenthako, inu pamodzi ndi alamu a Zita ndi kakhanda kathu. Kuno kuzizira sikunathe, m'mawa zala zimachita kuuma. Ndapatsira a Victorino, oyendetsa lole ya mbatatesi aja, ndipo ndawauza kuti aipereke m'manja mwanu, osati kuisiya kwa mlonda wa kuntchito kwanu. Mudabwa kuti Márcia wayamba liti makalata chikhalirecho foni ali nayo. Nkhani yake ndi ya ababa, ndipo ababa masiku ano sakuchoka pakhonde. Ndikanatha kuyankhula nanu iwo ali pompo, osamva ndi liwu limodzi lomwe, koma chimenecho ndiye chandikanika. Kunena munthu wamkulu iye akukumwetulira, ayi, ine mtima wotero ndilibe.

Ndinene mosazungulira. Makutu a ababa akufa, ndipo Loweruka lapitali chapa yathu, minibasi ija, inatsala pang'ono kutha nawo anthu odzaza mpaka pakhomo. Khalani pansi muwerenge bwino, musathamangire foni.

Mukudziwa inu kuti dzina la ababa, a Arcanjo, linatchuka pa parajemu ya Ulongwe, pokwerera magalimoto paja, chifukwa cha khutu. Chiphunzirire galimoto ku Dedza nthawi yothawa nkhondo ija, munthu akabwera ndi galimoto yolira, ababa ankangokwera, n'kutsinzina pang'ono, n'kutchula chomwe chavuta boneti isanatsegulidwe n'komwe. Ngakhale amekaniko ankawatumira uthenga zikawazunguza mutu. Munthu wotereyu ungamuyambe bwanji kuti bambo, simukumva?

Ine ndinayamba kuzindikira dzinja lapitali. Wokwera akakuwa kuti atsike, ine n'kumenya denga monga amachitira makobradoro onse otolera ndalama, ababa ankangopitirira. Ndinasiya za dengazo, ndinasamukira pampando wa kumbuyo kwawo kwenikweni, ndipo munthu akafuna kutsika ndimangowagwira paphewa. Sanandifunse chifukwa chake, inenso sindinanene. Atranzito, apolisi a pamsewu aja, akatiimitsa ndimathamangira pawindo kukayankha ndine, mpaka anandipatsa dzina loti mayi wolongolola. Ndinkati ndikuwasungira ulemu ababa. Inu sindinakuuzeni, ndipo ngati mukufuna kundikalipira mudzandikalipire mukabwera, ndidzakupatsani ndi mpando womwe.

Kulira kunayamba nthawi yokolola chimanga. Kanali kaphokoso kochokera pansi, kumbuyo chakumanzere, huuu, ngati njuchi mumng'oma. Tikamayenda pang'onopang'ono kankabisala, ababa akaponda moto kankakula. Ndinachita zomwe anatiphunzitsa okha tili ana, muja ankatikhazika kumbuyo n'kumatifunsa kuti chikulira n'chiyani, wolephera osalawa fanta. Ndinamvetsera pokhota. Paja ankati rolamento, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa gudumu, ikatha, kulira kumasintha galimoto ikapendekera mbali imodzi. Koma uku kunali chimodzimodzi, kaya tikhotere kumanja kaya kumanzere. Tsiku lina tinatenga amayi a kwaya kupita nawo ku Fonte Boa. Titangosiya phula n'kulowa msewu wafumbi, zii. Pobwerera, kungoponda phula, huuu. Pamenepo ndinadziwa kuti ndi tayala, chifukwa chitsulo sichisamala kuti chikuyenda pamsewu wanji.

Ndinawauza tikutsuka galimoto, nditaima kutsogolo kwawo kuti azindiona pakamwa. Anazungulira, analiyang'ana tayalalo, n'kulimenya ndi nsapato. Kunja kwake linali lokongola ndithu, mizere yonse ikuoneka. Anati chiwongolero sichikunjenjemera, ndiye palibe vuto. Ndinati lakumbuyo silifika kuchiwongolero, munatiuza ndinu. Iii, achimwene, nkhope inasintha. Anati galimoto anayamba kuzimvetsera ine ndisanamere mano, ndipo likanakhala likulira akanayamba kumva ndi iwo. Mukanakhala inu mukanayankha chiyani? Ine ndinangopita kukatunga madzi ena.

M'mawa mwake iwo akusamba ndinagwada n'kulowetsa dzanja kuseri kwa tayala, mbali yam'kati yomwe maso safika. Mayo ine. Pomwe payenera kukhala posalala panali zikwera ndi zitsika, apa padyeka, apa patsala, kuzungulira tayala lonse. Ukasisita kupita kutsogolo dzanja limatsetsereka, ukabwerera limakodwa ngati pa mano a macheka. Shoko ya mbali imeneyo inali noninoni mafuta, kusonyeza kuti inafa kalekale, ndipo tayala lakhala likungodumphadumpha pamsewu m'malo mogudubuzika. Ndinawapempha kuti abwere agwire okha. Anati sangagwade m'fumbi chifukwa cha maloto a mwana wamkazi, nthawi yatha, anthu akudikira.

Musaseke zomwe ndinachita kenako. Ndinaphwetsa tayalalo dala, poganiza kuti akalichotsa aliona m'kati. Kodi ababa mukuwadziwa? Anabwereka pampu kwa aneba, analipopa lili pomwepo, anapaka malovu pa valavu, n'kunena kuti ndi ana a pamudzi akuseweretsa. Tsiku limenelo ana osalakwa anakalipiridwa chifukwa cha ine.

Pa parajemu anayamba kutitcha chapa ya njuchi. Ena akationa ankabwerera m'mbuyo, amvekere tidikira inayo. Madalaivala anzawo onse ankamva, koma ambiri sanalimbe mtima kuwauza. Mmodzi anayesa, anawafunsa mwaulemu ngati amva kumbuyoko, ababa n'kumuyankha kuti adzuka bwino, kaya iye. Anthu anaseka chobisa. Ine ndinapsa mtima mpaka kutukwana munthu wamkulu wogulitsa malalanje yemwe sananene kanthu n'komwe, ndipo mpaka lero sindinakamupepese.

Tsono Loweruka. Tinanyamuka ulendo wa ku Kalomwe titadzaza, matumba a mbatatesi pansi pa mipando, ena padenga. Womaliza kukwera anali mayi wachitsikana wochokera kuchipatala, atafukata khanda lomwe mchombo sunagwe n'komwe, apongozi ake atamunyamulira beseni. Malo otsala anali amodzi okha, mpando wakumbuyo chakumanzere, pamwamba penipeni pa tayala lija. Ndinayesa kupempha bambo wina kuti asinthane naye, anakana, akuti miyendo yake ndi yaitali. Ndinatseka chitseko.

Poyamba linkalira monga mwa masiku onse. Titayamba kutsetsereka kulowera kumlatho uja mumadutsa musanaone mapiri a Dedza, kulira kunasintha. Sikunalinso huuu, kunali du-du-du-du, kukubwera mofulumira, kukumveka m'mapazi. Fungo la mphira wotentha linalowa pawindo. M'chapa monse munangoti zii, ngakhale amayi awiri omwe ankakangana za mtengo wa nyemba analeka. Gogo wina wachimuna anandikoka chitenje n'kunong'ona kuti mwanawe, uza dalaivala wako. Ndinatembenuka. Mayi wakhanda uja anali atatsinzina, milomo ikuyenda, mwana atamupanikiza pachifuwa.

Ndinawagwira paphewa ababa. Anayang'ana pagalasi, anaona kuti palibe wanyamula katundu, n'kunena kuti kuno kuthengo atsika ndani, tikaima kumtunda. Ndipo anaponda moto kuti apeze mphamvu yokwerera tsidya linalo. Achimwene, ndinaona mlatho ukubwera, wopapatiza uja, ndi lole ikutsika kuchokera kutsogolo. Sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinawakanikiza zikhadabo paphewa ndi mphamvu zanga zonse, osasiya, mpaka anakhotetsa khosi ndi ululu. Anaima pambali pa msewu mlatho uli pafupi moti mwana akhoza kuugenda ndi mwala. Lole inadutsa, chapa yonse inagwedezeka ndi mphepo yake.

Ndinatsegula chitseko n'kuuza anthu onse kuti atsike, ndipo palibe anachita makani. Ababa anazungulira akukalipa, akuti ndapenga, ndikuwachititsa manyazi pamaso pa anthu, mawa ndikhale kunyumba apeza kobradoro wina. Ndinagwada pafupi ndi tayala, ndinawagwira pamkono n'kuwakokera pansi. Chibadwire sindinawagwirepo choncho bambo anga. Mwina ndi kudabwa komwe kunawagwaditsa. Ndinatenga dzanja lawo n'kulilowetsa kuseri kuja.

Analibweza msanga, chifukwa tayala linali lotentha ndipo waya anawabaya chala. Anayang'ana magaziwo. Kenako analowetsanso okha, pang'onopang'ono. Ndinkaona nkhope yawo pamene dzanja linkayenda pa zikwera ndi zitsika zija, mpaka linafika pa chotupa chachikulu ngati mbatatesi, pomwe mphira unali utasiyana ndi mawaya. Anasuzumira shoko, anaigwira, anayang'ana mafuta m'zala. Ndiye poti masiku ano sadziwa kukula kwa mawu awo, zomwe ankati akundinong'oneza zinamveka kwa aliyense.

"Tayala lodyeka chonchi silikhala chete. Limalira mpaka munthu wa m'munda kutembenuka. Márcia, lakhala likulira?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Kuyambira liti?"

"Nthawi yokolola, ababa," ndinatero chapansipansi.

"Wati chiyani?"

Ndinayang'ana anthu aja. Onse anali atazolika, wina akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Ndinabwereza mokweza pang'ono, sanamvebe. Kachitatu ndinachita kukuwa, achimwene, kukuwira bambo anga pamsewu ngati ndikuitana munthu wa kutsidya la mtsinje. Misozi inangotsika yokha. Chinthu chomwe ndinachibisa chiyambire dzinja, choti ababa sakumva, ndinachilengeza ndekha ndi pakamwa pangapa.

Sanakalipe. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kufunsa kuti anakhala pampando wa pamwamba pa tayalali ndani. Atamuona mayi uja anavula chipewa, anapita pomwe anaima, anawerama n'kuomba m'manja mwakachetechete. Anati, "Pepani, mayi. Ndikanakupherani mwana." Mtsikanayo anasowa poyang'ana, apongozi ake ndi omwe anayankha kuti Mulungu ndi wamkulu, koma sindikhulupirira kuti ababa anamva.

Tayala anasintha okha. Amuna awiri anafuna kuthandiza kupukusa jeke, anawakaniza ndi dzanja. Ataika lapadera lija tinayenda ngati tikuperekeza maliro mpaka ku Kalomwe, njinga za makala zikutipitirira. Anthu atatsika, anazimitsa injini, anazula makiyi n'kuwaika m'manja mwanga. Anati ndikapeze dalaivala wodziwika atibweze kunyumba. Pobwerera anakhala kumbuyo, pampando womwe uja, dzanja ataligunditsa popondera mapazi ulendo wonse, ngati akumvetsera nalo.

Chifikire chapa ili pansi pa mtengo wa pichesi, sinayende. Dzulo kutchalitchi sanapite. Chakudya akungotola pang'ono n'kukankha mbale. Tayala lija analiika pakhonde pafupi ndi mpando wawo, ndipo ndikamadutsa ndimawapeza akulisisita. Za makutu sanatchule, inenso ndikuopa kuyamba. Chimwalirire amayi sindinawaone chonchi, ndipo ndikunena zoona, ndili ndi mantha kuposa omwe ndinali nawo pamlatho paja.

Pempho langa ndi ili. Pemphani masiku kuntchito mubwere, tiwatengere kuchipatala chachikulu ku Tete akawaone makutuwo, mwina pali chomwe angachite. Ine ndikanena adzakana, koma inu amakuchitirani manyazi. Za chapa, kaya tipeza dalaivala kaya ine ndikaphunzire nditenge karta yoyendetsera galimoto, tidzakambirana muli konkuno. Mukafika musawayankhulire kumbuyo kapena muli m'chipinda china. Muziima kutsogolo kwawo, muzikweza mawu pang'ono, koma nkhope yanu isaonetse kuti mukukweza.

Madzulo ano, ataona ndikulemba, anandifunsa kuti ikupita kwa yani. Nditawauza anati, "Nilton amandiyimbira Lamulungu lililonse. Ine ndimangoti eya, eya. Kodi amakhala akunena chiyani?"

Achimwene, ndinakumbuka tsiku lija munandidandaulira kuti munawauza ababa kuti mwana mwamutcha dzina lawo, iwo n'kungoti eya, eya, n'kufunsa ngati ku Beira kukugwa mvula. Munati mwina sanakondwe, ndipo alamu analira. Sanamve, achimwene. Mpaka pano sakudziwa. Ndinatsala pang'ono kuwauza, koma ndinadzigwira, chifukwa mawu amenewo ndi anu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Zita, muwauze kuti apongozi awo alibe nawo chifukwa. Ababa akuti moni nonse, akuti mwanayo muzimufunditsa ngakhale kukutentha. Ngati alamu apeza mphamvu zoyenda ulendo wautali, mubwere naye Arcanjo wamng'onoyo. Mudzamuike m'manja mwa agogo ake, mudzagwade pomwe angakuoneni pakamwa, ndipo mudzanene dzinalo pang'onopang'ono.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Márcia