Mizinga ya Matabwa

Lamlungu, 21 Juni 1970

Tamaliza! Mizinga yogwetsera ndege, yonse ya matabwa ndi malata, penti ndapaka ndekha. Ukaima patali sungadziwe kuti ndi yabodza, ndikulumbira. Ndimati sukulu ya zojambula ku Cairo inapita pachabe, lero ndi izi.

Ntchito yathu ndi imodzi basi. Ndege za kutsidya kwa ngalande ya Suez zikabwera, zitaye mabomba pa zidole zathuzi, zisiye mizinga yeniyeni ili kuseri kwa chitunda. Kumene kuli achimwene anga a Sobhi. Amayi sakudziwa kuti tayandikana chonchi.

Fahim, kalipentala wathu wa ku Sohag, mimba patsogolo, akuti: "Iwe wapenti, usaikongoletse kwambiri, angaifunsire ukwati." Iye akutola timatabwa totsala. Akuti ndi ta bokosi la ukwati la mwana wake Nagat.

Lachiwiri, 23 Juni

Akuluakulu kudzayendera. Kaputeni Lutfi walamula tisese. Tasesa chipululu, anthuni! Mapazi onse, modutsa matayala monse, kufufuta. Miyala tapaka laimu kuti iyere, kuindandalika bwinobwino. Zovala m'zikwama, moto ayi. Afika, agwedeza mitu, mmodzi wandigwira paphewa. Mtima dyokodyoko mpaka pano.

Chakudya: nyemba, buledi wouma, mchenga.

Lachisanu, 26 Juni

Ndege zabwera m'mawa, motsika kwambiri. Zadutsa pamutu pathu penipeni, osaponya ngakhale mwala. Kenako mabomba kuseri kwa chitunda. Nthaka njenjenje. Utsi wakuda mpaka masana. Telefoni yafa. Sindikudziwa kanthu. Mulungu wanga.

Loweruka, 27 Juni

Achimwene ali moyo! Abwera okha pa lole ya madzi, dzanja lomanga nsalu, khutu limodzi silikumva. Anzawo asanu ndi awiri apita.

Ine kupusa, ndinawakoka kuti akaone mizinga yanga. Anayang'ana miyala yoyera ija, mchenga wosesa uja, kenako anaseka. Kuseka koipa. "Mphwanga, pano ndi pa mzikiti kapena? Unamuonapo msilikali wa kwathu wopanda tiyi pamoto ndi kabudula pachingwe? Woyendetsa ndege si bulu."

Ndiye kuti tsache lathu lija. Ayi, sindimaliza.

Akuti Lachitatu akuimika mizinga yatsopano. Tsiku lonse adzakhala pambalambanda, opanda chowombera. Ndege zikadzawapeza tsiku limenelo, basi.

Lolemba, 29 Juni

Kaputeni wavomera, nkhope ili gwa. Tadetsa malo. Lole uku ndi uku kusiya mizere, zitini paliponse, mafuta akuda pansi, miyala ija kuigudubuza. Chingwe cha zovala. Fahim wapereka malaya ake amkati, aja aakulu ngati tanga la bwato. "Awa akawaona ali kumwamba adziwa kuti pano pakugona mkulu wa asilikali." Taseka mpaka misozi. Koyamba chichokere Lachisanu.

Koma zovala zokha sizikwanira. Pafunika munthu. Wosonkha moto, woyendayenda. Ndege zikaonekera asabisale msanga, zimuone kaye akuthamangira ku mzinga, kenako n'kudumphira m'dzenje. Tizisinthana. Mawa ine, mkuja Fahim. Ndinamuuza kuti Lachitatu andisiyire ine, ndi achimwene anga amene aja. Akuti: "Mwana iwe, ndinkathamangitsa ana a njati iwe usanamere mano."

Lachiwiri, 30 Juni

Tsiku langa. Dzuwa, ntchentche, utsi m'maso. Mbalame iliyonse ndimati ndi ndege. Kuno sizinabwere.

Fahim: "Zamva fungo la tiyi wako, zabwerera. Mawa uone mmene amaphikira amuna."

Loweruka, 4 Julayi

Zinabwera Lachitatu. Mabomba onse pa ife. Onse. Kuseri kwa chitunda ngakhale limodzi ayi. Achimwene ali bwino, mizinga yawo yaima.

Ndinali m'dzenje lakutali, ndinaona chilichonse. Fahim anadikira. Ine kukuwa, thawa, thawa, iye akadali pamoto, kudikira kuti zimuone bwino. Ndiye anathamanga, ketulo ili m'manja. Padzenje sanafike. Ketulo, Fahim! Bwanji osaitaya?

Kaputeni akuti tagwira ntchito yotamandika, atumiza dzina langa kwa akuluakulu. Ndinangoti inde bwana. Achimwene anabwera dzulo, anandikumbatira nthawi yaitali. Ndinakondwa kumva mtima wawo ukugunda. Ndinakondwadi. Nanga ndiziti chiyani?

Lolemba, 6 Julayi

Matabwa atsopano afika. Malo atsopano, pafupi kwambiri ndi ngalande. Penti ilipo. Palibe watchula za tsache.

Zoyanika zija zinapsa zonse, ndiye ndatsegula chikwama cha Fahim. Malaya amkati ena awiri, opinda bwinobwino. Pansi pake timatabwa ta Nagat, topala kale, tosalala, tomanga ndi kachingwe. Sindidziwa kukhoma bokosi. Ndiphunzira.

Ndayanika malaya amodzi. Mphepo yalowamo, afufuma mimba ngati mwini wake, mpaka ndinatsala pang'ono kuwayankhula.

Mawa tsiku langa. Ketulo tilibe, ndiye ndi—